Gauni ya Amalume

Ndinaganiza zokachita masitazi kunja nditatopa kuzungulira maofesi a ku City Centre ndi digiri yanga mu envelopu. Tsiku limenelo ndinatsikira pa Tsoka, pomwe amayi ankagulitsa kaunjika, n'kuwauza. Ndinawapeza akukutumula majekete a m'belo.

"Pita," anatero. "Ine sindifa lero kapena mawa." Kenaka anandisankhira jekete lokhuthala, loti kuno sungalivale ngakhale mu Juni.

Kufunsira malo kwake kunali chintchito. Ndinkaswera mu kafe ya intaneti ku Area 2, magetsi akathima n'kuyambiranso. Anandilembetsa mayeso a Chingerezi, ine amene ndinakwapulidwapo ku pulayimale chifukwa cholankhula Chichewa m'kalasi. Sukulu ya ku Scotland inafunanso nkhani yofotokoza chifukwa chomwe ndinkafunira maphunzirowo. Ndinalemba za amayi: kulawirira, kusenza mabelo, kunyowa ndi mvula pabenchi. Azunguwo anaikonda nkhaniyo, anandipatsa malo ndi sikolashipu ya theka. Theka linalo anasainira amalume, alongo awo a amayi, a nyumba ya mpanda ku Area 43. Kuyambira pamenepo ankangoti "digiri yathu." Ananeneratunso kuti gauni ndidzagule yangayanga, osabwereka, idzafike kuno.

Kunjako ndinasungulumwa zedi. Masana kalasi, madzulo ganyu yosambitsa nkhalamba za eni ake kunyumba yosungirako okalamba, kangachepe n'kutumiza kwathu. Chomwe chinkandilimbitsa mtima ndi Lamulungu, amayi akaimba pa foni ya mng'ono wanga Esinati n'kufunsa ngati jekete lija likugwira ntchito.

Nthawi yolemba pepala lomaliza itakwana, amayi anasiya kuimba. Esinati zifukwa sizinkamuthera. "Apita kumudzi ku Mitundu." "Ali kumapemphero." "Agona, atopa." Ndikatumiza ya mankhwala a BP ankayankha kuti alandira, akuthokoza. Ine chitsiru ndinkawajambulira mauthenga, kuwadandaulira za mtengo wa tomato wa kumeneko.

Ndinabwera mu Disembala, nsapato zofewa za amayi zili m'sutikesi. Galimoto ya amalume sinalunjike kwathu ku Kawale, inakhotera ku 43. Pabalaza ndinapeza abale atasonkhana, Esinati atazolika. Ndinadziwa munthu asanatsekule pakamwa.

"Mayi ako anatisiya mu Juni," anatero amalume. "Tinagwirizana monga banja kuti tisakusokoneze. Ukanabwera, digiri yathu ikanathera panjira."

Banja lake liti, ine mulibemo? Onse ankadziwa: a kutchalitchi, anzawo a amayi a pa Tsoka, ngakhale alonda a pageti amene anandilandira katundu akuyang'ana pansi. Anagona pasiwa, anaimba, anaponya dothi, kenaka n'kumandifunsa pa WhatsApp kuti sukulu ikuyenda bwanji. Ine ndinali kusambitsa mayi wa munthu wina, anga akusambitsidwa komaliza ine osadziwa. Amati anandichitira chifundo. Chifundo chimenecho sindinachipemphe, ndipo sindinakhululuke.

Mvula itatha tinamanga chiliza ku Mitundu. Kutatsala pang'ono kuti tikachionetse, amalume anaimba foni.

"Ubwere utavala gauni ija, anthu aone zomwe malemu anasiya. Ndaitananso anzanga a kuofesi."

Ndinapita nditavala chitenje ndi jekete lija, dzuwa likuswa mtengo. Gauni inali mu jumbo. Abusa atamaliza pemphero amalume anaimirira, n'kuyamba kufotokoza momwe banja linadziperekera kuti m'mudzi muno mukhale masitazi. Ndinadzuka, ndinapita kutsogolo, ndinagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira amayi, n'kuwapatsa jumboyo ndi manja awiri.

"Valani inuyo amalume, ndi yanu. Ine ndabwera kumaliro a amayi anga."

Ndinakakhala pa dothi pafupi ndi manda n'kuyamba kulira mokweza, mmene amalirira tsiku loyamba. Anzawo a amalume anasowa koloza maso. Anzawo a amayi a pa Tsoka aja ndiwo anavula nsapato, n'kubwera kudzakhala pansi kulira nane.