Tsiku Limene Okala ya Mayi Filomena Inadzaza

Mayi Filomena anabadwira kwa Mlonyeni, n'kukwatiwa cha ku Ludzi ndi mlimi wa fodya amene anamwalira ana awo awiri akadali aang'ono. Munda unali wa kuchimuna, ndiye maliro atatha unabwerera kwa eni ake. Mayiwo sanakhale pansi kumalira. Anayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa anthu akamatuluka ku Misa. Pa zitumbuwapo anawonjezera masikono, kenako sopo ndi machesi, mpaka anasamukira m'mbali mwa msewu wopita ku boda ya Zambia, kumene anamanga okala ya njerwa yokhala ndi zenera limodzi logulitsirapo. Ana onse awiri anaphunzira ndi zenera limenelo.

Ine dzina langa ndine Raphael, kwathu ndi ku Thyolo. Ndinafika ku Mchinji ndi chikwama chimodzi nditalembedwa ukalaliki ku ofesi yotolera misonkho ya khonsolo, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yoyambayo inali yongondiyesa. Nyumba za pa boma sindikanazikwanitsa, choncho mnzanga wina anandilozera kachipinda ka kuseri kwa okala ya mayi Filomena. Tsiku loyamba lomwelo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Kwanuko anthu mumangomwa tiyi osadya? Khala pansi apa." Kuchokera pamenepo ndinasanduka mwana wa pakhomo. Ankanditchula kuti Rafa, ankaseka kalankhulidwe kanga ka kum'mwera, ndipo malaya anga akathothoka batani ndinkangowapeza atasokedwa.

Anali munthu wonyada, kunyada kwa munthu amene wadzikoka yekha. Chimene ankanyadira kwambiri chinali laisensi. Anzawo ambiri a pamsewupo akangomva kuti a khonsolo ali m'njira, ankakhoma zitseko n'kukabisala m'chimanga. Iwo ayi. Chaka chilichonse ankakwera kabaza kupita ku boma, kukalipira, n'kubwera kudzakhoma pepalalo pakhoma poonekera. "Ine sindinathaweko munthu pa bizinezi yanga," ankatero, "ndipo sindidzayamba ndi imvi zino." Chinthu china chimene sankachifuna n'kuchita manyazi pamaso pa alendo. Mlendo akabwera, ngakhale m'nyumba muli mbee, ankayenera kupeza pakhomo posesa ndi kapu yabwino ija ya maluwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti mtengo wa laisensi amangoulota munthu mmodzi mu ofesi. Si choncho. Poyamba timayenda kulemba mabizinezi onse n'kuwaika m'magulu: maokala paokha, magolosale paokha, opikulitsa paokha. Kenako komiti ya zachuma imakhala pansi n'kuyerekeza mtengo wa gulu lililonse, amaitana oimira amalonda kuti adzakangane nawo, makhansala n'kuvomereza. Pomaliza mndandanda umakhomedwa pa bolodi kwa masiku angapo kuti amene waikidwa polakwika adandaule. Njirayo ndi yoongoka ndithu. Amene amaikhotetsa ndi anthu ngati ine.

Chaka chimenecho zinthu zonse zinali zitakwera, ndiye mitengo ya malaisensi inayenera kukweranso. Maganizo anali akuti maokala awonjezeredwe pang'ono chabe, koma opikulitsa alipire zambiri. Chifukwa chake chinali chomveka: kufupi ndi boda kunali anthu ogulitsa shuga pa mabelo ndi mafuta pa zigubu, koma atanyamula laisensi ya okala. Bwana wanga, a Maliko, anali munthu wachilungamo koma wosaseka. Anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti Lachinayi tikuyamba ndi msewu wa ku boda. "Wina asakauze munthu aliyense," anatero. "Amene ndidzamve kuti watsegula pakamwa, adzatsegulenso chitseko n'kumapita kwawo."

Unali mwezi wa Febuluwale, mwezi woti anthu alibe kanthu m'thumba, ndipo okala ya mayi Filomena inali itaonda. Pa mashelefu panali timatabuleti ta sopo towerengeka, mchere womanga m'timapepala, makandulo ndi botolo la maswiti. Tsono ine ku ofesi ndinkadzitama kuti ndimakhala kwa mayi wina wa bizinezi yake, wodziwika msewu wonse. Ndikaganiza zoti bwana ndi anzanga akaone mashelefu amenewo, manyazi ankandigwira. Manyazi a chiyani, sindikudziwa mpaka lero, pakuti okalayo sinali yanga. Lachiwiri ndikumwa tiyi nditaweruka, ndinangoti, "Amayi, Lachinayi mukonzeko pano. Ndibwera ndi akuluakulu a ku ofesi."

"Akudzatani?"

"Kudzangoona mabizinezi."

Ndinaphwanya lamulo la bwana, koma ndinaliphwanya theka. Ndinawauza tsiku, osawauza chifukwa chake. Ndikanakhala chete, kapena ndikananena zonse, palibe chikanaonongeka.

Mayi Filomena anakafotokozera Vitus, mwini sitolo yoyandikana ndi okala yawo. Vitus ndiye anali wopikulitsa weniweni, shuga wake ankaoloka malire pa njinga tsiku ndi tsiku. Iye atangomva kuti a khonsolo akubwera kudzaona, anadziwiratu kuti kuonako n'kotani. Anawauza mokoma kuti si bwino alendo a mwana wawo awapeze ndi mashelefu opanda kanthu, atenge katundu wake akongoletsere okala, adzabweza alendo akapita. Iwo anathokoza ndi manja awiri. Zonsezi zinachitika Lachinayi m'mawa ine nditapita kale kuntchito.

Tinafika pamsewupo cha m'ma teni, ine nditanyamula mafomu. Tinayamba ndi kwa Vitus. Tinamupeza atakhala pa kreti, akuyasamula, sitolo ili pululu. Anadandaula za njala, za mvula, za kukwera kwa zinthu, mpaka ine amene ndinkamudziwa ndinatsala pang'ono kumumvera chisoni. A Maliko anasuzumira mkati n'kunena kuti, "Lemba okala." Ndinalemba, ndikudabwa kuti katundu wapita kuti.

Katunduyo ndinamupeza khomo lotsatira. Mabelo a shuga anali atasanjidwa mpaka kudenga, zigubu za mafuta zitandandalikidwa pansi, makatoni a sopo atatseka ngakhale kanjira kopita kuseri. Pakati pa zonsezo panaima mayi Filomena atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, nkhope ikuwala. Panja anali ataika mipando itatu ndi mabotolo a zakumwa. Pa belo limodzi, pakona, zilembo za dzina la Vitus zinkaoneka bwinobwino. Ndinasuntha n'kuima kutsogolo kwake kuti bwana asazione.

A Maliko sanakhale pampando. Anatenga fomu m'manja mwanga, n'kufotokoza mwaulemu kuti tikulemba magulu a malaisensi a chaka chamawa. Kenako anafunsa, "Katundu yenseyu ndi wanu, mayi?"

Mayi Filomena anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ndi wanga, bwana."

"Raphael, iwe umakhala pompano, eti? Amayiwa amapikulitsa?"

Apa ndiye panafunika mawu atatu okha: katunduyu ndi wobwereka. Koma m'mutu mwanga munabwera funso lotsatira, lakuti anabwerekeranji, ndi linzake, lakuti anawauza ndani za Lachinayi. Ndinaona chikwama changa chija, ndinaona basi ya ku Thyolo, ndinaona nkhope ya bambo anga amene anagulitsa mbuzi kuti ndimalize sukulu.

"Nthawi zina, bwana," ndinatero.

Anandibwezera fomu, ndipo ndinachonga ndi dzanja langa pa gulu la opikulitsa. Zakumwa zija sitinamwe.

Pamene ndinkabwerera madzulo, katundu anali atabwerera kale kwa mwini wake ndipo okala inali monga mwa masiku onse. Mayi Filomena anandipatsa tiyi. Sanafunse kanthu. Mumtima ndinkadzilimbitsa kuti ndikakonza ku ofesi, ndi nkhani ya kungofufuta pamodzi n'kuchonga pena. Koma kusintha gulu kunkafuna siginecha ya a Maliko, ndipo a Maliko sankasaina chinthu osafunsa. Ndinati ndidikire tsiku limene adzakhale osangalala. Komiti inakhala. Oimira amalonda anabwera, anakangana, mtengo wa maokala unatsitsidwako pang'ono. Makhansala anavomereza. Mndandanda unakhomedwa pa bolodi, ndi masiku makumi awiri ndi limodzi oti wodandaula alembe kalata.

Bolodi imeneyo inali pakhomo penipeni pa ofesi yathu. Ndinkaidutsa m'mawa, masana ndi poweruka, ndipo dzina lawo linali pamzere wachinayi. Kalata yodandaula ndikanatha kuwalembera ine mwini pa mphindi khumi. Sindinalembe. Sindinawauze n'komwe kuti kuli bolodi. M'malo mwake ndinapeza chipinda pa boma n'kuwauza kuti kabaza akundithera ndalama. Tsiku losamuka anandimangira mtedza m'kapepala, n'kundiuza kuti ndizibwera Lamlungu. Ndinapitako kamodzi.

Mwezi umene ndinalandira kalata yoti ntchito yanga yakhazikika ndi womwewo umene iwo analandira yawo. Laisensi yawo inali itakwera kasanu ndi kamodzi. Wina akanangopitiriza kugulitsa n'kumathawira m'chimanga a khonsolo akamabwera, ndipo ambiri ankachita zomwezo. Mayi Filomena anatseka zenera lawo. Anati adikira kuti anthu akolole, mwina apeza pogwira. Sanapapeze. Mwana wawo wamkazi anadwala ku Lilongwe, ndipo chaka chisanathe okala inagulitsidwa. Amene anaigula ndi Vitus, amasungiramo shuga.

Zonsezi ndinkangomva kwa anthu. Msewu wa ku boda ndinkaupewa, ntchito ya kumeneko ikapezeka ndinkasinthana ndi anzanga. Ndinanenepa, ndinakwatira, ndinagula njinga yamoto. Koma nthawi iliyonse tikamakhoma mndandanda watsopano pa bolodi, ndinkakumbukira mzere wachinayi uja.

Patapita zaka ziwiri ndinatumidwa ku boda kukayendera anzathu odulitsa matikiti a pamsika, ndipo panalibe wosinthana naye. Ndinawapeza pafupi ndi pamene mathiraki amaima podikira mapepala. Anali atakhala pa kampando, mbaula patsogolo, akukazinga zitumbuwa monga anayambira zaka makumi awiri zapitazo. Anali atachepa thupi. Tikiti ya tsikulo anali ataipanikiza ndi kamwala poonekera.

"Rafa! Ndiwe? Koma boma likukudyetsa bwino!" Anaseka, n'kuuza dalaivala wina wa ku Zambia amene ankagula kuti, "Uyu ndi mwana wanga, ndi bwana ku khonsolo."

Ndinakhala pa njerwa pambali pawo. Dalaivala atachoka, ndinanena zonse, mosasanja bwino, ngati mwana wogwidwa akuba. Ndinati ndinadziwa kuti katundu anali wa Vitus. Ndinati ndinanama kwa bwana. Ndinawauza za bolodi, za masiku makumi awiri ndi limodzi, za kalata imene sindinalembe. Iwo ankangotembenuza zitumbuwa m'mafuta.

"Ukuganiza kuti ukundiuza zachilendo?" anatero. "Bwana wako atangoti malaisensi, ndinadziwa kuti Vitus wandipusitsa. Ndinafuna kunena. Koma nditakuyang'ana, thukuta lili kamukamu, ndinadziwa kuti pali chimene walakwitsa. Ndikanati katundu ndi wa eni, akanafunsa kuti wandiuza ndani za alendo. Ntchito unali utangoyamba, mwana wa eni, kwanu kutali."

"Ndiye munavomera dala?"

"Ndinati pepala ndi pepala, mwana wanga ali momwemo, akakonza zinthu zikazizira."

Kenako ndinafunsa kuti nanga kalata itabwera, bwanji sanabwere ku ofesi kudzadandaula.

"Ndinabwera," anatero. "Kudandaula kwa bwana wako sindikanatha, ndikanakupachika. Ndinabwerera iwe. Ndinakhala pa benchi ya panja ija kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Unadutsa kamodzi utanyamula mafayilo, uli pa liwiro. Ndinati ndikuitane, koma ndinaopa kukuchititsa manyazi pa anzako, mayi wa kumudzi kumakuwa dzina lako. Sunandione basi. Muli ndi ntchito yambiri inu."

Anatola zitumbuwa zitatu zotentha, n'kuzikulunga m'pepala kuti ndikapatse mkazi wanga. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, ndinakwera njinga yanga. Ndinali nditabwera kudzaulula zonse, koma chimodzi ndinabwerera nacho, ndipo ndikuchinena pano koyamba. Tsiku limenelo ndinawaona. Anali atavala duku yobiriwira, envelopu ili pamiyendo. Ndinalowa mu ofesi, ndinakhala momwemo osapita kukadya, ndipo poweruka ndinatulukira khomo la kuseri.