Ndudu Imene Inkatalika

Lamulungu lina m'nyengo yosankha fodya ndinapita kutchalitchi nditavala nsapato zosiyana. Kumanja yakuda, kumanzere yofiirira. Ndinayenda njira yonse ya kwathu kuno kwa Kaomba, kudutsa zigafa za anthu, kupereka moni uku ndi uku, osadziwa kanthu. Ndinakhala pabenchi lachiwiri, mwendo pamwamba pa unzake monga mwa chizolowezi changa. Akazi a aneba anga amaimba kwaya, ndipo kwaya yathu imaima moyang'anizana ndi mpingo. Ndinangoona asiya vesi pakati n'kubisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedera. Ine mumtima ndinati nyimbo yawakhudza mayiwa.

Potuluka m'pamene mayi a kunyumba anandikokera kuseri kwa mtengo.

"Bambo, taonani pansi."

Ndinaona pansi. Ndinayesa kubisa phazi limodzi kumbuyo kwa linzake, koma mpingo wonse unali utaona kale.

Zikanakhala za kuseka zokha bwenzi zitatha Lolemba. Vuto linali lakuti kwa zaka zambiri ndine ndinkasankha fodya wa mabanja awiri, wathu ndi wa anebawo. Tinagawana ntchito kalekale popanda kulemberana. Iwo ndi munthu wa mphamvu, kudinda mabelo pa jeke ndi kwawo. Ine mbali yanga inali maso. Fodya akauma m'chigafa, ndinkakhala pansi m'mamawa iye akadali wofewa ndi chinyezi, n'kumaona tsamba lililonse: lapansi kapena lapamwamba, lowala kapena loderako, lalitali kapena lalifupi. Ofanana amamangidwa pamodzi. Ukasakaniza, belo limabwezedwa ku okushoni, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti wasankha ndani.

Tsono munthu amene ntchito yake ndi kusiyanitsa kufiirira kwina ndi kufiirira kwinzake, walephera kusiyanitsa chakuda ndi chofiirira pamapazi ake omwe.

Lachiwiri lake aneba anabwera pakhonde pathu. Anayamba ndi za mvula, za mbuzi, za msewu, kenako anakanda m'mutu.

"Achimwene, chaka chino mupumeko. Mlamu wanga akubwera, ndiye ndati angotithandiza kusankhako."

"Chifukwa cha nsapato?"

"Aa, ndani wanena za nsapato? Ndangoti mupumeko."

Ndinavomera ndikuseka, koma mkati munandiwawa. Komanso ndinali ndi mantha amene sindinauze munthu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, zina zonse ndadziphunzitsa ndekha powerenga chilichonse chogwera m'manja mwanga, kuyambira malemba a pathumba la feteleza mpaka dikishonale yothothoka imene imayambira pa C. Ndiye miyezi imeneyo ndinali nditaona kuti buku ndikuligwira motalikitsa kusiyana ndi kale. Za nsapatozo ndinkadziuza kuti ndinavala m'chipinda mwa mdima, chala chili pakati pa buku. Koma kodi ndinali ndi umboni? Mwinadi maso ankapita.

Loweruka mwana wathu wamkazi, amene amaphunzitsa chakumpoto kwa Kaluluma, anabwera kudzationa. Anabwera ndi kafulashi kodzaza mafilimu. Aneba ali ndi kanema woyendera sola, choncho masana tonse tinakasonkhana pabalaza pawo, makatani atatseka. Filimu imene anasankha inali yoseketsa, ya azungu anayi, akuluakulu ndithu, mimba zitatuluka koma tsitsi lofika m'mapewa. Anali ndi bandi ya nyimbo za roko, zija za magitala olira ngati chigayo chikamayamba. Ankayenda pa minibasi yakutha kupita ku mpikisano m'tauni yakutali, ndipo galimotoyo inkangofa panjira. Inali imodzi mwa mafilimu aja omasuliridwa m'Chichewa, munthu mmodzi kulankhulira onse, mwamuna ndi mkazi yemwe, n'kumawonjezera zake. Azunguwo ankafunsana ngati adya kale mbatata. Anthu ankaseka mpaka kutsokomola.

Panafika pena minibasi yafa m'mbali mwa msewu. Woimba gitala ya besi anatsamira galimoto akukangana ndi woimba ng'oma, ndudu ili pakati pa zala. Ine sindinasutepo chibadwire, koma fodya ndakhala naye moyo wonse, ndiye akaoneka penapake maso amathamangira komweko. Nduduyo inali itapsa mpaka pafupi ndi zala. Chithunzi chinatembenukira kwa wang'oma uja, kenako n'kubwerera. Ndudu inali yaitali, ngati yangoyatsidwa kumene.

"Imani kaye!" ndinakuwa. "Ndudu yatalika!"

Onse anandicheukira.

"Ababa, mwati chiyani?" anafunsa mwana wanga.

"Ndudu ija. Inali yaifupi, pano yatalika. Fodya sapsa chobwerera m'mbuyo."

Akazi a aneba sanachedwe. "Mwina ina ndi yakuda, ina yofiirira."

Nyumba yonse inagwa ndi phwete, mayi a kunyumba omwe. Ndinaseka nawo pang'ono, koma ndinapempha kuti abweze. Mwana wanga anatenga rimoti n'kubweza, koma anapitirira, tinapezeka tikuonanso pamene azunguwo ankakankha galimoto. Panalibe ndudu paliponse. Ndinati basi, tsopano ndayamba kuona ndi zinthu zoti palibe.

"Tiyeni tipitirize, achimwene," anatero aneba mofatsa, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunandipweteka.

"Kamodzi kokha," ndinatero.

Tinadikira mpaka pofika pamkangano paja. Mwana wanga anaimitsa chithunzi. Ndudu yaifupi, phulusa likulendewera. Anayendetsa pang'ono n'kuimitsanso. Ndudu yaitali, yoyera bwino.

Aneba anadzuka n'kukaika mphuno pafupi ndi galasi la kanema wawo.

"Wayatsa ina," anatero.

"Nthawi yanji? Mawu amene anayamba kulankhula sanawamalize n'komwe."

"Azungu amafulumira."

Mwana wanga ndiye anatimasulira. Anati filimu sajambula ulendo umodzi monga timajambulira ukwati. Kachigawo kamodzi amakabwereza kambirimbiri, mwina lero, mwina mawa, kenako amatenga kachidutswa apa, kena apo, n'kulumikiza. Nkhope ya uyu inajambulidwa m'mawa, yankho la mnzake madzulo. Ndipo anati pamakhala munthu wolembedwa ntchito yongoyang'anira zimenezi, kuti ndudu, malaya ndi makapu zizifanana kuchoka pa chidutswa china kufika pa chinzake.

"Ndiye kuti nawonso ali ndi wosankha?" ndinafunsa.

"Tingotero, ababa."

"Ndipo wasakaniza."

Kuyambira pamenepo filimuyo sindinaionenso ngati anzanga. Ndinapempha mwana wanga kuti andisiyire kafulashiko. Mlamu wa aneba anali atafika ndipo ankasankha fodya m'mamawa, ine n'kumadutsa kutali ndi chigafa ngati munthu amene ali ndi zochita zambiri. Dzuwa likakwera fodya amauma gwa, ukamugwira amafumbutuka, ndiye ntchito imaima. Nthawi imeneyo ndinkapita kukagogoda kwa aneba, iwo n'kunditsegulira kanema. Mawu ndinkazimitsa, chifukwa womasulira uja ankandisokoneza ndi mbatata zake.

Zimene ndinapeza! Wang'oma anathyola kamtengo kake koimbira mokwiya, theka n'kuulukira kutali, koma atatembenuka kanali kathunthu m'manja. Malaya a woimba wamkulu anali onyowa ndi thukuta kumsana akukwera pansanja, atafika pamwamba anali ouma ngati ochoka pachingwe. Botolo la patebulo linkadzaza lokha. Pena gitala inkaoneka ikulira, anthu akudumpha, pamene chingwe chake chamagetsi chili gone pansi chosalumikiza paliponse. Izi ndinazidziwa chifukwa gitala ya kwaya yathu ikangosolokako chingwe imakhala duu.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri chinali mthunzi. Mlimi safuna wotchi. Pamkangano wa m'mbali mwa msewu uja, mthunzi wa minibasi unali waufupi, uli pansi pa galimoto, kusonyeza kuti dzuwa lili paliwombo. Mnzake poyankha, mthunzi womwewo unali utawoloka msewu. Ndiye kuti funso linafunsidwa masana, yankho n'kubwera dzuwa litapendeka. Ndinaseka ndekha pabalaza pa eni ake. Ndinati ngakhale mayi a kunyumba akandikwiyira sachedwa chotere kuyankha.

Tsiku lachinayi ndinaona munthu. Pagalasi la zenera la minibasi, kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira, munaoneka bambo wina wovala chipewa, atanyamula mtengo wautali wokhala ndi chinthu chaubweya kunsonga. Sanali wa m'nkhaniyo, ayenera kuti anali mmodzi wa ojambula filimuyo. Anangoima, akuoneka wotopa, akutafuna kanthu. Ndinamuimitsa n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna kudziwa kuti akudya chiyani, ndiponso ngati kwawo anamuona n'kunena kuti uyo, uyo, bambo aja.

Ndinaganiziranso za wosankha wawo uja. Poyamba ndinkamunyoza, koma masiku atapita ndinayamba kumumvera chisoni. Mwina anali munthu wachikulire. Mwina anaona ndithu kuti ndudu yatalika, n'kunena, koma akuluakulu anati dzuwa likulowa, zipite choncho, ndani angaone. Ifenso zimatichitikira lole ikamadikira panja. Kapena mwina tsiku limenelo chala chake chinali pakati pa buku. Sanadziwe kuti kuno ku Kasungu kuli munthu amene wachotsedwa ntchito, ndipo alibe china chochita koma kuwerenga mabatani a malaya a anthu.

Lachisanu masana ndili pomwepo, aneba analowa atanyamula kamtolo ka fodya komanga kale, n'kukaika patebulo pafupi nane, ngati munthu amene wangosowa poika. Anakhala pansi n'kuyamba kupukuta thukuta.

"Lero mwapezanso chiyani?"

Ndinayamba kuwafotokozera za wotchi ya woimba wamkulu, imene inkachoka kudzanja lamanzere kupita lamanja popanda woivula. Ndikulankhula choncho, manja anga anapita okha pakamtolo paja. Sindinaganize n'komwe. Ndinasolola tsamba limodzi, lapansi lopyapyala limene linalowerera pakati pa apamwamba, n'kuliika pambali. Ndinasololanso lina, lobiriwirako m'mphepete mwa msempha. Kenako ndinabwerera ku nkhani ya wotchi.

Aneba anayang'ana masamba awiriwo, anayang'ana ine. Anawatola pamodzi ndi kamtolo kaja n'kutuluka. Nditatsala ndekha m'pamene ndinazindikira zimene ndachita, ndipo ndinada nkhawa kuti mwina ndanyoza ntchito ya mlamu wawo m'nyumba mwawo momwe. Ndinazimitsa kanema n'kupita kwathu mwakachetechete.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinkamangirira mbuzi kuseri, ndipo ndinamva akundiitana pampanda.

"Achimwene!"

"Wawa."

"Masamba awiri aja ndinaikamo dala ndine. Mlamu ndinamupatsa kamtolo komweko dzulo, anakatembenuza kawiri n'kunena kuti kali bwino."

Ndinangogwira chingwe cha mbuzi ngati chingandithawe.

"Koma ndikufunseni," anapitiriza. "Filimu ija mwaionera kangati?"

"Kasanu ndi kamodzi. Mwina kasanu ndi kawiri."

"Nanga anyamata aja anapambana mpikisano kapena ayi?"

Ndinkadziwa kuti pamapeto wang'oma anali ndi mabatani anayi kenako atatu. Ndinkadziwa kuti mbendera ya kumbuyo kwa nsanja inasintha mbali. Koma zoti anapambana kapena anagwa, sindinkadziwa.

Aneba anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Sanafike n'komwe, achimwene. Anakaimba paukwati wa eni ake, atasochera. Dziko lonse linaseka, inu muli kalikiliki ndi ndudu. Mawa mulawirire kuchigafa fodya akadali wofewa, mlamu azikathandiza kumanga. Koma mwana wanu akadzabweretsa filimu ina, ife tidzayambe taonera tokha, inu muzidzabwera mawa lake. Ndipo nsapatozo muziwaonetsa kaye amayi musanatuluke."