Ndinakawanenera Amayi Chifukwa cha Mowa Wampunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene dziko linali litangolowa kumene m'ndale za zipani zambiri. Pa Mitundu aliyense pakamwa panali patatseguka. Zimene kale anthu ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, tsopano ankazikuwa pamsika dzuwa likuswa mtengo. Malole odzaza anyamata ankadutsa akuimba, fumbi lili koboo, ife ana n'kumawathamangira mpaka pamlatho osadziwa n'komwe kuti ndi a chipani chiti. Inenso mtima sunkakhala m'malo. Ndinkaona ngati aliyense ali ndi chonena kupatula ine, ndipo ndinkalakalaka tsiku loti nanenso ndiimirire, ndinene chinthu choona, akuluakulu andimvere.

Abambo anga, a Jasiteni, ankayendetsa ngolo. Ng'ombe ziwirizo zinali za amalume awo a ku Malingunde. Abambowo ankangogwirira ntchito, kututa njerwa, chimanga ndi mabelo a fodya. Akakhala bwinobwino anali munthu wanthabwala, wocheza ndi ng'ombe ngati akucheza ndi anzake. Koma kachasu anali atawalowa m'mafupa. Kuseri kwa msika kunali nyumba zingapo zotchezera, ndipo chaka chimenecho eni ake anasiya n'kubisala komwe. Ukawafunsa ankangoti ndi ufulu. Masiku ambiri ng'ombe ndizo zinkawabweretsa abambo kunyumba, iwo atagona chagada m'ngolo, chikwapu chili pamimba. Kudya anasiya. M'mawa manja ankanjenjemera mpaka kulephera kumanga goli. Tsiku lina atasanza magazi, a kuchipatala anauza amayi mosapsatira kuti akapitiriza, mvula ya chaka chamawa sadzaiona.

Amayi anayankhula, analira, anaitana ankhoswe, koma zonse zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Kenaka Loweruka lina anadzuka n'kupita ku Nathenje kwa akulu awo, amene ife tinkawatcha amayi aakulu. Iwowa ankagulitsa mpunga wochokera kunyanja m'mbali mwa msewu wa tala. Amayi anabwerako tsiku lotsatira atasenza kathumba ka mpunga wosweka, uja wotsalira pansi pa thumba umene ogula amaukana. Ine ndinasangalala, poganiza kuti tidya mpunga ngati pa Khirisimasi.

"Si wodya uwu," anatero amayi. "Ndi wa abambo ako."

Ananyika chimanga m'madzi, n'kuchifunditsa masaka mpaka chitatulutsa timizu toyera. Anachiyanika pamphasa, chitauma n'kusinja chimera. Mpunga uja anausinja pawokha. Zonse zitakonzeka, Lachiwiri lina anaphika phala lamadzimadzi la mgaiwa wosakaniza ndi ufa wampunga m'dilamu yodula pakati, ndipo litazizira kufika poti chala n'kupirira, anathiramo chimera. Phalalo linasungunuka n'kuyamba kutsekemera ngati thobwa. M'mawa mwake analiwiritsanso, n'kulitsanulira m'mbiya, n'kuwonjezera chimera pang'ono pokha, osati chodzaza manja monga amachitira ofulula masese ogulitsa. Shuga sanathiremo. Lachisanu anasefa kawiri pansalu yoyera. Unatuluka mowa wotuwira, wopyapyala, tithovu ting'onoting'ono tikuthetheka pamwamba, fungo lake lowawasira pang'ono.

Madzulo a tsikulo anawadikirira abambo panjira, asanakhotere kumsika, n'kuwapatsa chipanda ali pangolo pomwepo.

"Make Velina, ichi n'chiyani? Thobwa la ana a sukulu?"

"Imwani kaye, munyoze mutameza."

Abambo anamwa, n'kupukuta ndevu. "Sukumveka m'mutu."

"Ukumveka m'mimba. Tsikani, ndiwo zapsa."

Anatsika. Anamwa zipanda zinayi, akunyoza chipanda chilichonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anadya mpaka kunyambita zala. Mowawo unkadzaza mimba msanga, moti munthu ankatopa nawo asanaledzere. Sindinganame kuti kachasu anausiyiratu. Lolemba kapena Lachiwiri mbiya ikauma ankazemberabe kumsika. Koma amayi anagula mbiya yachiwiri n'kumafulula mosinthanitsa, ndipo masiku ouma anayamba kuchepa. Pofika mwezi wachitatu masaya a abambo anali atabwerera. Anzawo awiri ankabwera kudzakhala nawo pansi pa mtengo wa mango, akukangana za zipani, dzuwa likamalowa aliyense n'kupita kwawo ndi miyendo yake.

Zonsezi ndinkaziona, koma sizimene ndinkayang'ana. Ine ndinkamva fungo. Linali m'yunifolomu yanga, m'tsitsi, m'makope. Kusukulu mtsikana wina anandinunkhiza n'kufuula kuti, "Kwa a Velina atsegula bala!" Kalasi yonse inaseka. Choipirapo, chaka chimenecho ndinali m'kalasi ya kutchalitchi, kukonzekera kulowa mpingo. Mpingo wathu sunkalola mowa, kumwa ngakhale kufulula, ndipo amayi anali m'gulu la amayi ovala zoyera, oyambitsa nyimbo pamaliro. Lamulungu ndinkawayang'ana akuimba maso ali chotsinzina, ine ndikudziwa kuti kunyumba mbiya ikuwira kuseri kwa chitseko. Ndinkapsa mtima osadziwa kuti ndikupsera ndani. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuimirira, ndikaimirira ndinkafuna kuthawa.

Amene ankatiphunzitsa kalasiyo anali a Kamwendo, mkulu wa mpingo, munthu wofatsa wovala jekete limodzi chaka chonse. Tsiku lina anatiphunzitsa kuti munthu woona choipa n'kukhala chete amasenza nawo choipacho. Anzanga atabalalika ine ndinatsalira. Ndinazungulira tchalitchi kawiri, ndinakafika mpaka pachitsime n'kubwereranso. A Kamwendo ndinawapeza akumanga mabuku pakaliyala ya njinga yawo.

"Abambo, ndili ndi mawu."

"Nena, mwanawe."

"Amayi anga akufulula mowa."

Anasiya kumanga n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Waona ndi maso ako?"

"Ndimatunga madzi ake ndine."

Ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Iwo anangopuma mozama n'kunena kuti, "Chabwino, pita kunyumba." Panjira ndinkadzimva wopepuka ngati ndatula mtolo, koma pofika pakhomo n'kuona amayi akupeta chimera, akung'ung'udza nyimbo, ndinangowazemba n'kulowa m'nyumba.

Lachitatu masana a Kamwendo anabwera ndi mkulu mnzawo. Amayi anawayalira mphasa, n'kugwada chapatali. Ine ndinabisala m'khitchini, khutu lili pakhoma. Amayi sanakane kanthu. Anafotokoza za magazi aja, za mawu a kuchipatala, ndiponso kuti sanagulitsepo ngakhale chipanda chimodzi. Akuluwo anamvetsera mwaulemu. A Kamwendo anati akumvetsa, koma lamulo silisankha nkhope. Akalekerera pano, mawa wina adzafulula wogulitsa n'kuloza kuno. Anawauza kuti ayambe aima pa Mgonero, zoyera azipinde kaye, ndipo akasiya kufulula nkhani yawo idzaonedwanso pakapita miyezi.

Alendo atapita, amayi anakhala pamphasapo mpaka mthunzi unawachoka. Kenaka anadzuka, anakhuthulira mowa wosapsa kudzala, anatsuka mbiya zonse ziwiri n'kuzivundikira kuseri kwa nyumba. Sanafunse kuti wawanenera ndani. Lamulungu anapita kutchalitchi atavala chitenje wamba n'kukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Nyimbo anayambitsa wina.

Lachisanu abambo anafika n'kupeza pansi pa mango pali zii. Anayang'ana mbiya zovundikirazo, anayang'ana amayi, n'kutembenuza ngolo. Sabata imeneyo ng'ombe zinayambanso kuwabweretsa. Ine ndinkadziuza kuti si mlandu wanga, kuti ndinanena zoona basi. Ndinkasesa pabwalo posesedwa kale, ndinkapita kuchitsime mitsuko ili yodzaza, chilichonse chondichotsa pamaso pa amayi. M'kalasi ya kutchalitchi ndinkayankha mafunso onse molondola, koma pakamwa pankawawa.

Patapita masabata asanu, tsiku la msika, kunabwera mnyamata wa njinga akupuma wefuwefu. Abambo anali atagona pangolo yodzaza njerwa, ndipo potsetsereka kudambo gudumu linaphonya m'mphepete mwa kamlatho. Ngolo inagudubuzika. Tinathamanga ndi amayi osavala n'nsapato zomwe. Tinawapeza anthu atawatulutsa kale pansi pa njerwa, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira. Ng'ombe imodzi inali itaima ikunjenjemera. Inzake inali gone m'matope, mwendo wakutsogolo utathyoka, ikuyesa kudzuka n'kumagwanso. Anaipha pomwepo madzulo ake. Amalume a ku Malingunde anabwera kudzatenga yotsalayo, ndipo sanalowe n'm'nyumba momwe.

Abambo anakhala kuchipatala pafupifupi mwezi. Tsiku lina amayi atabwerako kokawaona, ndinawapeza akutokosa moto kuti aphike phala la mlongo wanga wamng'ono. Ndinagwada pakhomo la khitchini.

"Amayi, kwa a Kamwendo ndinakanena ndine."

Sanatembenuke. "Ndikudziwa."

"Anakuuzani?"

"Sanandiuze. Tsiku lija unadya nsima osandiyang'ana. Ndinakubereka ndine."

Ndinayamba kulira, ndikudikira mthiko pamsana. Ndinkaufuna mthikowo, chifukwa ukanatha kundipepuza. Koma amayi anangokankhira nkhuni m'moto.

"Sunaname, Velina. Ndinkafululadi, ndipo lamulo ndinkalidziwa. Koma madzi unkatunga ndiwe, tinkakhala limodzi pamotopa tsiku ndi tsiku. Unalephera kundifunsa kuti amayi, mukuchitiranji zimenezi? Unadutsa ine pano n'kukafunsa chilungamo kwa mkulu wa njinga uja?"



"Nanenso ndinalakwa," anapitiriza. "Ndinaopa manyazi a pabenchi lakumbuyo kuposa maliro. Pukuta m'maso. Abambo ako akutuluka sabata yamawa. Mawa ukwere matola upite ku Nathenje, ukawauze amayi ako aakulu kuti ndikufuna mpunga uja."

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Ndinakhala kumbuyo kwa galimoto pakati pa matumba a mtedza ndi mbuzi yomangidwa miyendo, anthu akukangana za mtengo wa feteleza njira yonse, ine ndikungoganiza zimene amayi aakulu akandinene. Ndinawapeza pamalo awo, akuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Nkhani yonse anali ataimva kale. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyamba kukokolola mpunga wosweka pansi pa matumba.

"Ndiwe wolimba mtima, mwana wa mng'ono wanga," anatero akumanga kathumba. "Kukaima pamaso pa mkulu wa mpingo si masewera. Tsopano tione ngati ungalimbenso mtima kusenza kathumbaka kudutsa pamsika wa Mitundu anthu akuona."

Ndinasenza. Ndinadutsa pamsika masana, ndinadutsa pafupi ndi tchalitchi, ndinakumana ndi mtsikana uja wa kusukulu ndipo ndinamupatsa moni. Lachiwiri lotsatira amayi anandipatsa mthiko waukulu, ndipo phala la m'dilamu ndinavundula ndine, utsi ukundiliza, iwo akundiuza poyenera kuchepetsa moto kuti mpunga usapserere pansi. Abambo anabwera ndi ndodo ziwiri, ataonda ngati bango. Atakhala pansi pa mango, chipanda choyamba ndinawapatsa ndine, nditagwada. Analawa n'kukwinya nkhope.

"Wafulula ndani? Wachepa mphamvu kuposa uja."

"Mwana wanuyo," anayankha amayi.

"Ndiye mwatengana," anatero, n'kumwanso.

Ngolo sanayendetsenso. Anaphunzira kukonza njinga pakhonde, ndipo anakhala nafe zaka zina khumi ndi chimodzi, akutsimphina, nthawi zina akuterereka, koma anaona ukwati wanga ndipo ananyamula mwana wanga woyamba. Zaka zonsezo amayi ankapita kutchalitchi Lamulungu lililonse n'kukhala kumbuyo. A Kamwendo ankabwera kudzakonzetsa njinga yawo kwathu, n'kumacheza ndi abambo ngati palibe kanthu. Zoyera zija amayi anazivalanso abambo atamwalira. Zinali zitawakulira, moti tinachita kuzibweza m'chiuno.

Lero ndine mayi wa mpingo womwewo, mowa sindimwa, ndipo sindinganene kuti akulu aja analakwa kusunga lamulo lawo. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti tsiku lija sindinapite kwa a Kamwendo chifukwa chokonda choonadi. Ndinapita chifukwa anzanga anandiseka, ndipo ndinkafuna kuti fungo lichoke pa ine, ligwere wina. Mawu anga anali oona onse, koma anathyola mwendo wa munthu, anapha ng'ombe, n'kukhazika amayi anga pafupi ndi khomo zaka khumi ndi chimodzi. N'chifukwa chake munthu akabwera kwa ine akupuma mwamsangamsanga kuti ali ndi mawu okhudza mnzake, ndimamupatsa mpando, ndimamupatsa madzi, kenaka ndimamufunsa ngati mwini wakeyo wayamba wamufunsa. Ambiri amamwa madziwo n'kutsanzika.