Kasemasema ka Mpini Waufupi

Kasemasema kamene ndimasemera mitondo kano kali ndi mpini waufupi, wakuda ndi thukuta, wokhotera kumanzere. Adzukulu akandifunsa ntchito yoti adzagwire akamaliza sukulu, ndimangokayang'ana. Ine sukulu sindinailowe, koma ntchito yanga ndinaidziwa ndili kamtsikana kosatha n'kusenza ndowa yodzaza.

Chinali chilimwe, dzuwa lija la ku Golomoti loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankasema mitondo pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba yathu. Fungo la mlombwa wongodulidwa kumene, utomoni wake wofiira ngati magazi, tizibenthu tikuuluka, basi ine mtima unali komweko.

Koma panali zinthu ziwiri zonditchinga. Kwathu ankati mkazi akagwira chida cha mmisiri, mtengo umang'aluka. Chinanso, ndinabadwa wamanzere, ndipo amayi ankandimenya dzanjalo ndi mthiko kuti ndisiye. Atandipeza tsiku lina ndikusisita mpini wa amalume anati, “Ukadzagwiranso, ndikakutula kwa azakhali ako ku Mtakataka, ukalere ana.” Amayi sankanena chinthu kawiri. Lero sindiwada ayi, ankaopa kuti mudzi undiseka ndipo ndisowa wondikwatira.

Nyengo imeneyo aphunzitsi a pasukulu ya m'mudzi mwathu anali atangokwatira, ndiye anapempha amalume kuti awasemere mtondo wa akazi awo. Amalume anauyamba bwino, kenaka anayamba kuchedwa nawo. Ankasema pang'ono, n'kukhala pansi, n'kumatikita kumaso. Masiku ena ankalawira wapansi ku Mua, osanena chimene akukatenga.

Ndiye mukuona, mtondo uli pomwepo, dzenje lake losafika n'pakati pomwe, kasemasema atakatsamiritsa pabwemba, amayi ali kudimba. Ndinakagwira. Masiku atatu ndinasema, khutu lili kunjira. Tizibenthu ndinkatolera m'nsalu n'kukataya kudzala.

Loweruka aphunzitsi anabwera panjinga, akazi awo atakhala pakaliyala. Amalume atagubuduza mtondo uja, tonse tinauona mng'alu, kuchokera kukamwa mpaka kutsinde, woti chala n'kulowa. Akazi a aphunzitsi anaomba m'manja. “Iii, apa pagwira mkazi apa!”

Amayi anangotembenuka n'kundiyang'ana dzanja lamanzere, limene ndinali nditalibisa kumbuyo chifukwa linali ndi matuza. Ndinkaiona kale njira ya ku Mtakataka, ine ndi kamtolo kanga pamutu.

Amalume anagwada, n'kulowetsa dzanja m'dzenje la mtondowo, n'kumapapasa pang'onopang'ono. Apa ndikuuzeni chimene mmisiri aliyense amadziwa: kasemasema kamasiya mapazi ake pamtengo. Wa dzanja lamanja mapazi ake amapendekera kwina, wamanzere kwinanso. Zala zawo zinafika pamene panathera ntchito yawo n'kuyambira yanga, ndipo zinaima. Zinaima nthawi yaitali, abale.

“Wolakwa ndine, aphunzitsi,” anatero. “Mtengo unali wauwisi, ndiye ndinausiya padzuwa. Mubwere Loweruka linalo.”

Amayi anatsegula pakamwa, koma amalume anawadula. “Achemwali, mawa mundibwereke mwanayu, azikandinyamulira madzi kuphiri.”

M'mawa mwake tinakwera mpaka m'tsinde mwa phiri, kumene anali atagwetsa mlombwa wina kalekale. Ine ndinkadikira mbama. M'malo mwake anasolola m'thumba kasemasema aka, mpini wake atauzika mwatsopano, waufupi, wokhotera kudzanja langa.

“Sema, mphwanga,” anatero. “Usamenye ngati ukupha njoka. Mvera kulira kwa mtengo.”

Masiku asanu ndinasema, iwo atakhala pamwala. Nthawi ndi nthawi ankabwera, n'kupapasa m'kati, n'kunena kuti “apa pakadali mnofu” kapena “apa leka, uboola.” Munthu akamveka kutsetsereka m'njira, ankandilanda chidacho msangamsanga, ine n'kunyamula chigubu cha madzi. Madzulo ndinkalowa m'nyumba manja nditawafumbata, amayi akundiyang'ana.

Loweruka lija aphunzitsi anauzungulira mtondo watsopanowo kawiri, anaugogoda ndi chala, unalira bwino. “Koma manja a bambo awa, ayi ndithu, ndi odalitsika!” Amalume anangoti zikomo. Ine misozi inalengeza ndi mkwiyo. Mtondo wanga, matuza anga, ulemu n'kupita kwa munthu amene anangokhala pamwala!

Kuyambira pamenepo ndasema mitondo, minsi ndi zipande mpaka imvi zino, ndipo ana anga anakula ndi ntchito imeneyi. Panapita zaka anthu asanazolowere kugula kwa mkazi, koma anazolowera.

Madzulo a Loweruka limenelo ndinawafunsa amalume chifukwa chake sanauyang'ane n'komwe mtondo wanga, ankangoupapasa basi. Anaseka pang'ono n'kutembenukira kumene kunkachokera mawu anga, koma maso awo anagwera pambali, pamtengo wa bwemba. Ine ndinayesa akundinyoza, ndinachoka nditakwiya. Sindinkadziwa kuti ku Mua ankapita kuchipatala chifukwa maso awo anali kufa, ndiponso kuti mvula ikamadzagwa chaka chimenecho, ndidzakhala ndikuwatsogolera ndi ndodo.