Profesa ndi Khoma la Chipinda Chosokeramo

Mayi telala sankamufuna mlamu wakeyu pakhomo, ndipo sankabisa. Anali mng'ono wa mwamuna wake, munthu woti imvi zayamba kale, koma wopanda ngakhale supuni yakeyake. Anthu ankamutcha Profesa chifukwa kusukulu ankakhoza masamu, ndipo chichokere kusukuluko sanalole kuti wina aiwale zimenezo. Anayesapo uphunzitsi, anamuchotsa atamupeza akuliza mkonono ana akulemba mayeso. Anayesa ukondakitala, anamutsitsa panjira chifukwa m'malo moitanira anthu ankafunsa dalaivala kuti basi ziwiri zothamanga mosiyana zikakumana pati. Kuyambira pamenepo ankangozungulira m'makomo mwa abale, jekete yothetheka m'zigongono, choko m'thumba.

Profesa atafika ndi kachikwama kake, mwamuna wa telala anati, "Akhale kuno atipentere chipinda chosokeramo. Akamaliza azipita."

Mawu akuti "akamaliza" Profesa anawamvetsa bwino kwambiri.

Tsiku loyamba anagwira ntchito ngati munthu, napenta theka la khoma lalikulu. Mawa lake anapenta theka la pamene panatsala, n'kutsuka bulashi. Mkuja wake chimodzimodzi. Sabata isanathe ntchito yake ya tsiku lonse inali kuviika bulashi kamodzi, kupaka kamzere, kenaka kukhala pampando wa makasitomala kudikira tiyi. Makina osokera anali akadali pakhonde, nsalu za eni zikudya fumbi, madiresi akununkha penti.

"Alamu, khomali litha liti?" anafunsa mayi telala, tepi ili m'khosi.

Profesa anamwetulira ngati wafunsidwa ndi mwana. Anatulutsa choko n'kuyamba kulemba patebulo lodulirapo nsalu, tebulo loti mwiniwake salola ngakhale kapu.

"Taonani apa, alamu. Theka. Kenaka theka la theka, ndiye gawo limodzi mwa anayi. Kenaka limodzi mwa asanu ndi atatu. Nambala iliyonse mumaipeza podula pakati ya m'mbuyo mwake. Mndandanda wokongola zedi umenewu."

"Ndafunsa kuti litha liti."

"Kunena mwa masamu enieni, silitha. Limangoyandikira kutha."

Mayi telala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zobwereka kwa mkulu wake. Bambo wamkulu ndi ndevu zake, kuchenjera konse kuthera pa kuteteza mbale! Anapukuta chokocho ndi chinsanza.

Madzulo ake Profesa anapeza chakudya chake chili theka la masiku onse. Anadya mwakachetechete, akuganiza kuti mwina m'nyumba mwavuta. Mawa lake chinali theka la chadzulocho. Pofika tsiku lotsatira, mbale inkaoneka maluwa ake onse a pansi.

"Alamu, kodi ndakulakwirani?"

"Ayi ndithu, Profesa. Ndikungoyeserera zimene munandiphunzitsa zija. Musadandaule, chakudya chanu sichidzatha. Chizingoyandikira."

Profesa anatembenukira kwa mkulu wake. "Achimwene, mukuziona izi?"

Mkuluyo anaweramira m'mbale mwake, akutafuna pang'onopang'ono ngati m'chakudyamo muli mchenga.

Chimene chinamunyansa kwambiri mayi telala n'chakuti ngakhale apo munthuyu sanatole bulashi kuti amalize kachigamba kotsalako, kosaposa mpango wa m'thumba. Anasankha kupakira. Anatuluka m'mawa anthu akupita kuntchito, atanyamula kachikwama kake ndi thalauza la kasitomala limene linali pachingwe. Pamsewu ankauza aliyense womupatsa moni kuti kunyumba kwa mkulu wake maphunziro sawalemekeza.

Thalauzalo mayi telala anachita kusoka lina ndi nsalu yake. Kachigamba kaja anapenta mwamuna wake Loweruka, ndi chinsanza, atatembenuzira msana kukhomo kuti asaonane maso ndi mkazi wake.