Thonje la M'makutu mwa Abambo

Ndikukumbukira kuti kwathu ku Utale thonje lonse tinkagulitsa, kupatula lochepa limene abambo ankasunga m'kachitini ka fodya. Limenelo linali la m'makutu. Abambo anabwerako ku nkhondo ya ku Bama ndi manja ndi miyendo yonse, ndipo anthu ankati ndi amwayi. Koma mphepo ikamenyetsa chitseko, chimene agwira chinkagwa pansi. Nsungwi ikaphulika pamoto, ankatuluka thukuta ngati akulima.

Chaka chilichonse pa Khirisimasi, dzuwa likangolowa, kumishoni ankaphulitsa makombola ogula kwa amwenye ku Balaka. Ana tinkawerenga masiku, abambo nawonso ankawerenga. Tsikulo akatuluka m'tchalitchi ankatsikira kudimba, n'kulowa m'nkhuti yakale ya mbatata imene anaikuza okha, thonje m'makutu, korona m'manja. Amayi ankauza anansi kuti apita kukaingitsa nguluwe, ndipo ine ndinkakhulupirira. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi angafunse bwanji chifukwa chake nguluwe zimabwera pa Khirisimasi pokha?

Pakamwa panga ndi pamene panaononga zonse. Chaka chimenecho mkulu woyatsa makombola anali atapsa chala, ndiye aphunzitsi anafunsa m'kalasi ngati tikudziwa munthu wosaopa moto. Ndinaimika dzanja anzanga asanaganize n'komwe.

"Abambo anga ndi msilikali, anaombapo mizinga," ndinatero. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi lokha anzanga aiwale zigamba za pa diresi langa.

Madzulo ake aphunzitsi anafika pakhomo. "A Sajeni, ntchito iyi ndi yanu. Inu munaona nkhondo, tizinthu ta ana iti tingakuvuteni?"

Abambo anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Msilikali akanati ndimaopa, mudzi wonse ukanamva mawa lisanafike. "Chabwino, aphunzitsi," anayankha motsitsa mawu.

Tsiku la Khirisimasi anavala malaya akhaki ndi mamendulo awo. Ndinawaona akutsekula kachitini kaja, n'kukatsekanso.

"Ababa, makutu sakuwawa lero?" ndinafunsa, pakuti ankandiuza kuti thonjelo ndi la kuwawa kwa makutu.

"Iyayi, Felista. Lero anthu andiona."

Bwalo la mishoni linali thithithi, likununkha dothi lonyowa ndi mango opondedwa. Ndinaima pafupi ndi abambo, pamalo oletsa ana, khosi lili njo kuti aliyense adziwe kuti ndine mwana wa ndani. Ndodo zitatu za machesi zinathyoka m'zala zawo. Yachinayi inayaka. Kombola linakwera likuimba mluzu, kenako kumwamba kunang'ambika.

Abambo anakuwa m'chinenero cha kuusilikali, n'kundilumphira. Anandikanikiza m'matope, chifuwa chawo pamutu panga, mamendulo akundibaya patsaya. Ndinamva mkono wanga ukuthyoka ngati chinangwa. Thupi lawo lonse linkanjenjemera, ndipo pamodzi ndi fungo la wonga ndinamva la mkodzo. Poyamba anthu anaseka. Atamva kulira kwanga, amuna anayi anawakoka, ena akuti msilikali wapenga, afuna kupha mwana wake. Palibe anaona kuti ankanditchinga.

Mkono anaumanga kuchipatala, koma unapola mokhota. Abambo anasiya kundiyang'ana kumaso. Akamadutsa, ana ankaomba m'manja kumbuyo kwawo kuti awaone akudzidzimuka, ndipo akuluakulu sankawaletsa kwenikweni. Thonje lisanayambe kuphulika m'munda, anamanga kamtolo n'kunena kuti akupita ku nyanja ya Chiuta kukagwira ntchito kwa asodzi. Anaima pakhomo.

"Mkonowo ukupwetekabe?"

"Iyayi, ababa."

"Usamaname, mwanawe."

Ndinkafuna kuwauza kuti ndine ndinawatchula kwa aphunzitsi, kuti mlandu ndi wanga, koma ndinachita mantha, ndipo iwo ananyamula kamtolo kawo n'kumapita. Patapita dzinja lachiwiri, munthu wogulitsa nsomba zouma anabweretsa uthenga woti abambo anamwalira ndi malungo ndipo anaikidwa komweko. Manda awo sindinawaonepo. Chimene ndinatsala nacho ndi kachitini kaja, kamene anakaiwala kapena kukasiya dala.

Lero ndimakhala ku Balaka, ndipo makombola amagulitsidwa ngati maswiti. Mdzukulu wanga, amene ndi namwino, amati matenda a abambo ali ndi dzina, ndipo kuli anthu amene ntchito yawo ndi kumvetsera odwala otere. Ndimamuvomera, koma sizinditonthoza. Abambo analibe dzina la matenda, anali ndi nkhuti ndi thonje, ndipo zinkawakwanira mpaka tsiku limene ine ndinafuna kutchuka m'kalasi. Makombola akayamba, ndimatseka chitseko n'kutsekula kachitini. Mkono umene ndinaimika tsiku lija ndi womwewo unathyoka, ndipo mpaka lero sukwera kupitirira phewa.