Mwana Wokana Shuga

Funso limene ndakhala nalo kuyambira chaka chimene ndinabwerera kukakhala ndi amayi ku komboni ya Mtendere ndi ili: munthu akalawa chinthu chowawa, kodi amalawa chimene chili m'kapu, kapena amalawa zimene kuwawa kunamuphunzitsa kale? Ku yunivesite funso lotere timalikambirana masana onse titakhala pamipando yofewa, ndipo palibe amene amavulala nalo. Kunyumba kwathu linafika ndi ndowa ya madzi.

Ndinayamba kumwa khofi wokazinga kwambiri, uja wakuda bii, ndili kumapeto kwa maphunziro anga. Sindikunena wa ufa wa m'chitini, amene amasungunuka akangoona madzi otentha. Ndikunena wa njere, wolimidwa kumapiri a kumpoto kwa dziko lathu, wokazingidwa mpaka njerezo zitatuluka mafuta n'kumanyezimira ngati nsapato za Lamlungu. Ukatsegula thumba lake, fungo loyamba limakhala la utsi wa nkhuni zouma. Kumbuyo kwa utsiwo kuli nshawa zimene zakhalitsa pang'ono pachiwaya, ndipo pansi penipeni pali kanthu kena konga shuga wopserera m'poto. Pakamwa khofiyu amalemera. Kuwawa kumafika poyamba, kenaka kumapatuka n'kusiya kukoma konga kwa chokoleti chakuda, kumene kumakhalabe kukhosi mpaka munthu atakwera minibasi. Ukathiramo shuga zonsezi zimafafanizika, umangotsala ndi madzi otsekemera amtundu wa matope. Chotero ine ndinkamwa wopanda shuga, ndipo ndinkaganiza kuti nkhaniyo ndi ya ine ndi lilime langa basi.

Nditapeza ntchito yophunzitsa pakoleji ina yapafupi, ndinabwerera kwa amayi ndi mabuku, kachigayo kopukusa pamanja, kasikelo kakang'ono ndi timapepala tosefera. Atate anali atamwalira kale, ndipo amayi ankakhala okha m'nyumba ya pabwalo limene timagawana ndi mabanja ena: pompi imodzi, chingwe choyanikira chimodzi, ndi malamulo ambiri osalembedwa. Limodzi la malamulowo ndi lakuti ukamva fungo la chopserera kwa mnzako suyamba wafunsa. Umathamanga kukaphula mphika, mafunso pambuyo.

M'mawa woyamba ndinapera njere, ndinathira madzi otentha pang'onopang'ono, khofi n'kufufuma thovu monga achitira akakhala watsopano. Fungo linadzaza nyumba n'kutulukira pazenera. Ndisanalawe n'komwe, chitseko chinatseguka popanda odi. Anali ba neba, mayi wa khomo loyandikana ndi lathu amene amagulitsa vitumbuwa pamsewu, ndowa ya madzi ili m'manja.

"Vapya! Ba ticha, ni chani chapya muno?"

"Palibe chapsa, ba neba. Ndi khofi."

Anaika ndowa pansi mosakhutira, ngati munthu amene wamanidwa ntchito. Anasuzumira m'thumba, natenga njere imodzi n'kuiyang'ana pakuwala.

"Aba bantu bakugulisani vopya. Mubweze. Ine chitumbuwa chikafika so, nipasa bana mahala."

Ndinawafotokozera kuti kupsako n'kwadala, kuti wokazinga amadikira mpaka njere zithetheke kawiri asanaziphule. Ba neba anandiyang'ana mwachifundo, monga mmene anthu a m'komboni amayang'anira munthu amene sukulu yamupitirira. Amayi nawo anatenga njere imodzi, anaitafuna, analavulira panja.

"Malasha," iwo anatero. Ndiwo mawu okha amene ananena tsikulo.

Koma anayang'ana, ndipo zimene anaona ndi izi. Mwana wawo amadzuka m'mawa uliwonse, amatenga njere zakuda, amaziyeza pasikelo, amachotsapo ziwiri zikachuluka, amazipera, amazisefa, kenaka amakhala chete n'kumwa madzi owawa maso ali gwa pakhoma. Kwathu sikelo imadziwika m'malo awiri: kubutchala, ndi kukiliniki kumene amapachikapo makanda. Palibe amene amayeza chakudya cha m'mawa. Chimene chimayezedwa chisanamwedwe ndi mankhwala. Ndipo amayi akandikankhira chitini cha shuga, ine ndinkachibweza mwaulemu.

Kubweza kumeneku kuyenera kumvetsetsedwa bwino. Ife tinakula ndi zigolo, madzi osungunuliramo shuga amene tinkaviikamo buledi tiyi akasowa. Shuga akatha m'nyumba, mwana ankatumidwa kukantemba kukagula kapaketi kokwanira m'mawa umodzi. Mlendo akabwera, kuchuluka kwa shuga m'kapu yake ndiko kunkamuuza mmene walandiridwira, ndipo tiyi wa amayi anga supuni inkatsala pang'ono kuimirira yokha. M'dziko lotero munthu wokana shuga, shugayo alipo, si munthu wa kakomedwe kachilendo ayi. Ndi munthu amene adokotala amuuza kanthu.

Ine ndinachedwa kuzindikira. Amayi atayamba kundilanda ndowa ndikapita kupompi, ndinati n'chikondi. Atayamba kundiphikira chibwabwa, masamba a maungu aja, chopanda mafuta ndi nyemba zopanda mchere, ndinati mwina awerenga zinazake. Koma moni wa pabwalo unasintha. Anthu anayamba kundipatsa moni atapendeketsa mutu, mawu atatsitsa.

"Mwauka bwanji ba ticha? Mwamvelako bwino lelo?"

"Ndili bwino ndithu."

"Ni mwamene. Kulimba chabe."

Ngakhale kondakitala wa minibasi, munthu amene ntchito yake n'kupanikiza anthu asanu pampando wa atatu, anandisungira malo a kutsogolo. Apa m'pamene ndinayamba kukayika, pakuti chifundo cha kondakitala sichibwera popanda lipoti.

Loweruka lina masana kunafika azimayi a mumpingo wa amayi, atavala zitenje zofanana, akuimba kuchokera pamsewu. Anandikhazika pakati. Mtsogoleri wawo, mayi wa mawu aakulu amene kupemphera kwake kumamveka mpaka kumsika, anandiika dzanja pamutu n'kupempha Mulungu achotse matenda amene mwana wake akuchita nawo manyazi. Ndinatsegula diso limodzi kuti ndione mwana wakeyo, ndipo ndinapeza kuti onse atembenukira kwa ine. Atamaliza anandipatsa mphatso: mtolo wa masamba a nimu ndi makungwa ena amene dzina lake sindilidziwa, poti anamva kuti zowawa ndizo zikundithandiza.

Kenaka anapempha kuona mankhwalawo. Ndinaona kuti mpata wophunzitsa wapezeka, ndipo mphunzitsi saukana mpata wotero. Ndinapera, ndinasefa, ndinawathirira pang'onopang'ono m'makapu a alendo. Ndinawapempha ayambe anunkhiza. Ndinawauza kuti adikire kuwawa kupite, ndipo akumana ndi nshawa, kenaka chokoleti. Mtsogoleri uja anamwa, anatsinzina, nkhope yonse inasonkhana pamphuno. Anameza ngati munthu womeza ngongole ya m'bale wake.

"Uyu ni wamphamvu," anauza amayi. "Musade nkhawa, azapola."

"Si mankhwala, amayi. Kodi nshawa zija simunazimve?"

"Ee mwana wanga, ni mwamene bakambila ba dokota kuti umwe. Naise bana timabauza ati ni switi."

Ba neba, amene anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, anapempha kapu yodzaza chifukwa cha msana umene unkawavuta. M'mawa mwake anabwera kudzapereka umboni. Anati anakazinga vitumbuwa vonse, anasesa bwalo lonse ngakhale mbali imene si yawo, ndipo anamaliza mkangano wina ndi amuna awo umene unakhala chiimire kuyambira nyengo ya mvula.

"Ni wabwino maningi, ba ticha. Koma mutima uthamanga monga minibasi yaona ba trafiki. Musaniyese futi."

Tsiku lomwelo, titabwerako kutchalitchi, ndinawapeza amayi akusankha nyemba m'lichero kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pambali pawo.

"Amayi, anthu mwawauza chiyani za ine?"

"Sindinawauze kanthu. Ali ndi maso."

"Ine sindikudwala. Khofi uyu amamwedwa choncho. Shuga amabisa kukoma kwake."

Anapitiriza kusankha kwa kanthawi, osandiyang'ana.

"Atate ako anayamba choncho," iwo anatero. "Tsiku lina anangokankha chitini. Ndinafunsa, akuti tiyi amakoma bwino wopanda shuga. Akuti azungu a kuntchito amamwa choncho. Ine n'kuseka. Anali atapita kale kuchipatala okha, atauzidwa, osandiuza. Ndinadziwa chilonda cha kuphazi chitakana kupola."

Za matenda a shuga a atate ndinkazidziwa. Za chitini chija sindinkazidziwa, pakuti zinachitika patebulo la anthu awiri. Ndinayesa kufotokozanso, mosamala, mwa dongosolo lake: kumene khofi amalimidwa, chifukwa chake amayezedwa, chifukwa chake kuwawa kwake si kwa mankhwala. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Nawonso ankafotokoza bwino," anatero. "Iwe wapita kusukulu, ukufotokoza bwino kuposa iwo. N'chifukwa chake sindikugona."

Pamenepo ndinaona kuti mawu sangathandize, popeza kufotokoza kulikonse kwabwino kunali umboni wonditsutsa. Ndinati tipite kukiliniki akandiyeze iwo akuona. Anavomera msanga kwambiri, moti ndinazindikira kuti pemphero la Loweruka lija linali lopempha zimenezi.

Tinapita m'mawa tisanadye kanthu, monga a kukiliniki amalangizira. Amayi anavala chitenje cha mumpingo ngati akupita kumaliro a munthu wodziwika. Pamzere anauza mayi wina amene sankamudziwa kuti mwana wawo ndi mphunzitsi wa pakoleji koma ndi wouma mutu ngati atate ake. Titalowa, nesi anandibaya chala, anaika dontho la magazi pakapepala ka kamakina koyezera shuga, kamakinako n'kulira.

"Bali chabe bwino aba," nesi anatero. "Kulibe vuto."

Amayi anayang'ana kamakinako monga mmene ba neba anayang'anira njere zanga.

"Kanthu kakang'ono chonchi kangadziwe za m'thupi mwa munthu? Ba sisita, mwina kanafa kale aka. Kayeseni pa munthu wabwinobwino tione ngati kanena zosiyana."

Ndipo anatambasula chala chawo. Nesi anaseka, ine ndinaseka, amayi nawo anamwetulira ngati munthu amene watchera msampha wabwino. Kamakina kanalira kachiwiri. Nesi anasiya kuseka. Anapukuta chala china, anabayanso, anadikira. Kenaka anakokera mpando wake pafupi ndi amayi n'kuyamba kuwafunsa ngati amamva ludzu kawirikawiri, ngati maso amachita chifunga, ngati mapazi amachita dzanzi. Pa funso lililonse amayi ankayankha kuti ndi ukalamba chabe, ndipo pa yankho lililonse nesi ankagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Kamakina kananenadi zosiyana, monga amayi anafunira.

Pobwerera, ine ndi amayi tinadutsira pamsika. Pamenepo anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye kuti iwe uli bwino ndithu?"

"Ndili bwino, amayi."

"Ndiye malasha aja umamwa dala?"

"Dala."

Anapukusa mutu, ndipo ndikukhulupirira kuti pa nkhani ziwiri za tsikulo, iyi ndi imene inawavuta kwambiri kuimvetsa.

Kuyeza kwina kwa kuchipatala chachikulu kunatsimikiza zomwezo: wodwala matenda a shuga anali amayi. Tsopano moni wopendeketsa mutu unasamukira kwa iwo, ndipo amaulandira moipidwa. Mtolo wa nimu uja azimayi a mumpingo anati usatayidwe, wapeza mwini wake. Kondakitala anabwerera ku khalidwe lake lakale.

Ndinayesapo kuwapatsa khofi wanga, poganiza kuti ngati ayenera kumwa chopanda shuga, bola chikhale chimene chinapangidwira kumwedwa chotero. Ndinasankha tsiku labwino, ndinapera mosamala, ndinawauza adikire kuwawa kupite. Anamwa, anadikira moona mtima, maso ali kudenga.

"Mwamva chiyani, amayi?"

"Ndamva atate ako akukankha chitini," iwo anatero, n'kundibwezera kapu.

Sindinawapatsenso. M'mawa uliwonse timakhala patebulo limodzi, ine ndi khofi wanga, iwo ndi tiyi wopanda kanthu amene amamutcha madzi a chilango. Fungo la utsi ndi nshawa limatulukabe pazenera, ndipo ba neba sabweranso ndi ndowa. Chitini cha shuga ndinachikweza pamwamba pa kabati, kuti chikhale cha alendo okha. Alendo sabwera kawirikawiri masiku ano, ine sindichikhudza, amayi akuti nawonso sachikhudza. Koma ndikachitsitsa pofuna kupukuta fumbi, ndimapeza kuti chapepukirako.